Pakhomo Podya Osafunsa

Ika mpeniwo pansi, Yamikani. Iyayi, sindikuseka, ika pansi. Tambalayo ummange miyendo ndi luzi, umugoneke pamthunzi wa nkhokwe apo. Ndatuma kale mawu kwa Che Yusufu, akangoweruka kudimba abwera kudzamuzinga. Madzi akazizira titenthetsanso, nkhuni sizinathe m'dziko muno.

Wati chiyani? Bwereza, khutu ili linagontha chaka chatha. Wati Che Amadu saona, ndiye adziwa bwanji kuti nkhuku wazinga ndani? Ha! Mwana wa Marita iwe. Ukuyesa nzeru zimenezo wayamba nazo ndiwe? Ine ndinali nazo mutu uno usanachite imvi, ndipo zinandidyera zaka zoposa makumi awiri. Khalani pansi nonse. Nawenso Tadala, zula tizinthu tili m'makututo, nkhani imeneyi ikukhudza ukwati wa amayi ako.

Inu Che Amadu mumawadziwa ngati nkhalamba ya chisoti choyera imene imabwera pano ndi ndodo, dzanja lina lili paphewa la mkamwini wawo, Che Yusufu yemweyo. Ine ndinawapeza ali ndi maso oona nkhupakupa pa mbuzi ili kutsidya kwa dambo. Kwathu ine ndi ku Balaka, cha ku Utale, kumene agogo anga anafikira atatopa ndi chikoti cha Apwitikizi. Kuno ku Nsanama ndinabwera chikamwini, kutsata agogo anu aakazi, malemu a Esinati. Katundu wanga anali khasu, nkhwangwa, njinga yopanda mabuleki ndi kambuzi kamodzi kakakazi. Basi. Anyamata a lero amafika kuchikamwini ndi foni ziwiri ndi nsapato zosongoka, khasu n'kukabwereka kwa apongozi. Che Amadu nawonso anali mkamwini, ochokera ku Chiuta, okwatira Abiti Selemani kuseri kwa mitengo ya mango iyo. Tonse awiri tinali anthu obwera, oti mawu athu pamudzi amathera pakhonde. Iwo Msilamu, ine Mkhristu. Mwina tinagwirizana msanga chifukwa tonse tinali alendo.

Chaka choyamba ndinamanga khola lapansi, monga tinkachitira kwathu. Mvula itagwa munali matope okhaokha, kambuzi kanga kakutsokomola, ziboda zikuwola. Tsiku lina Che Amadu anaima pamenepo, manja kumbuyo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Che Petulo," anatero, "mbuzi si nkhumba."

Ndinapsa mtima, koma m'mawa mwake anabwera ndi mitengo paphewa, ndipo tinamanga khola lam'mwamba. Lomwe mukulionalo ndi lachinayi, koma mamangidwe ake ndi omwewo. Ndowe zimagwera pansi, mbuzi zimagona pouma, ndowezo n'kupita kudimba. Madimba athunso anali oyandikana, malire ake mzere wa nthochi, chitsime chimodzi. Tinkathirira ndi chitini chobooledwa kunsi ndi msomali, mmawa ndi madzulo, mpaka msana kuwerama. Lero Che Yusufu ali ndi pampu yoyendera dzuwa, amangoima n'kumaloza paipi uku akuyankhula pafoni, ndiye madzulo n'kumati watopa. Kutopa amakudziwa ameneyo? Ife matimati athu ndi mpiru tinkakweza panjinga, chinangwa chouma m'thumba, ulendo wa ku Chiuta kukasinthitsa ndi matemba ndi milamba yowamba. Mchenga wa njira imeneyo unkamiza tayala, njinga n'kumaikankha theka la ulendo. Pobwerera tinkanunkha nsomba mpaka Lamulungu kutchalitchi anthu kumasuntha pabenchi.

Sikuti tinkagwirizana pa zonse. Ine mbewa ndinkazikonda, ndipo pano ndikanakhala ndi mano bwenzi ndikuzikondabe. Usachite tsinya Tadala, amayi ako ankalirira mutu wa kapuku. Chilimwe chikafika ndinkanyamula khasu ndi chibonga, kukumba mauna kuyambira mmawa mpaka thukuta kulowa m'maso. Ndikamabwerera ndi mpani wanga, Che Amadu ankapatuka njira, atagwira mphuno, akufuula kuti, "Abiti, tsekerani ana, kukubwera mphaka wa miyendo iwiri!" Ine n'kuwayankha kuti munthu wosadziwa kukoma kwa mbewa ndi womvetsa chisoni. Tinkasekana choncho, aliyense n'kupita kwake.

Koma tamverani tsopano, apa ndiye pagona nkhani. Kuno mwambo wake mukuudziwa: Mkhristu akafuna kupha chiweto choti adye ndi anansi, amaitana Msilamu kuti adzazinge, atchule dzina la Mulungu m'njira yawo, kuti aliyense athe kupisa dzanja m'mbale. Ambiri amachita zimenezi pa ukwati ndi pa maliro pokha. Agogo anu aakazi anapitirira pamenepo. Anali ndi miphika iwiri. Wina unali wa mbewa zanga ndi nyama zakutchire, ndipo unkakhala kuseri kwa nyumba ngati wolakwa. Winawo, wakuda wa khutu limodzi, ankautcha mphika wa Che Amadu, ndipo munalibe kulowa chinthu chosazinga, ngakhale chipande cha mphika winawo sichinkayandikira. Che Amadu anaona zimenezi chaka ndi chaka osanena kanthu. Kwa Akhristu ena, akawapatsa nyama, ankayamba afunsa mwaulemu kuti, "Pepani, wazinga ndani?" Kapena ankangoti akhuta. Pakhomo pano pokha ankasamba m'manja n'kuyamba kudya, osafunsa. M'mudzi monse muno nyumba yotero inali imodzi, ndipo inali yanga. Ndinkanyada nazo kuposa njinga, kuposa mbuzi zonse za m'khola. Sindinkadziwa kuti chinthu chimenechi chimasweka.

Ndiye kunabwera nguluwe. Inu simunaionepo, mumangodziwa nkhumba zonenepa za m'makola. Nguluwe ndi chinyama chopanda chisoni. Nthawi imeneyo kumunsi kwa munda wanga wa chinangwa kunali nkhalango yowirira, kumene pano kuli nyumba za malata zija. Zinkatuluka m'menemo n'kufukula chinangwa mzere wonse, mmawa ukapita upeza ngati munthu walima ndi ng'ombe. Ndinayesa kuyatsa moto m'mbali, ndinayesa kupachika zitini, ndinayesa agalu. Galu wanga Sindikufuna anabwerako mimba itang'ambika. Pamenepo mtima unandiwawa, ndinakatenga waya wa mabuleki a njinga kwa wokonza njinga pa Nsanama, n'kutchera makhwekhwe atatu m'tinjira tawo. Khwekhwe ndi msampha wa waya wopota ngati mkanda, nyama ikalowetsa mutu, ikamakoka ndiye ukumanga. Nguluwe imodzi ndinaigwiradi. Ndinayenda m'mudzi muno chifuwa chili patsogolo sabata yathunthu.

Mukudziwa kuti dzinja lonse mbuzi zimakhala pachingwe, kuopa minda ya anthu. Nandolo akachoka m'munda, zonse zimamasulidwa, zimayenda mmene zifunira. Nandolo atangothyoledwa chaka chimenecho, Che Amadu anandipeza pachitsime.

"Che Petulo, mbuzi zamasulidwa. Kachotseni mawaya aja."

"Ndikachotsa, achimwene."

Sindinachotse. Ndinkafuna nguluwe yachiwiri. Patapita masiku anandikumbutsanso, ine n'kuti mbuzi sizifika kumeneko, n'kutali. Kachitatu anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Waya sadziwa kuti iyi ndi nguluwe, iyi ndi mbuzi." Pofuna kuti andileke, ndinanama. Ndinati ndachotsa dzulo.

Chaka chimenecho n'chimene amayi anu, Marita, ankakwatiwa ndi bambo anu. Mwana wanga woyamba, ukwati woyamba pakhomo pano. Ndinali nditasunga tonde wothena zaka ziwiri chifukwa cha tsiku limenelo, wofiira, wa banga loyera pamphumi, wonenepa mpaka msana kuchita kangalande pakati. Ndinkamupatsa madeya ndi makoko a nandolo ndi dzanja langa. Akuchimuna ankachokera ku Balaka tauni, anthu ovala majekete, ndipo ine ndinkafuna akaone kuti mwana wawo sakukwatira kwa amphawi. Ukwati unali Loweruka. Lachinayi Che Amadu ananyamuka kupita ku Chiuta kukatenga nsomba za paukwati ndi mayi awo owabereka, amene ankafuna kudzaona mwambo. Ponyamuka anandiuza kuti, "Ndikachedwa musandidikire. Aliyense wa kumzikiti akuzingirani. Chikopa chokha mundisungire." Pakati pa ine ndi iwo panali pangano lakale: chikopa cha mbuzi iliyonse ya pakhomo pano chinali chawo, ankachifufuta n'kumaswalirapo, ndiye kuti kupempherapo.

Lachisanu masana, azimayi ali pakalapakala ndi thobwa ndi kupeta mpunga, ndinapita kukagwira tonde uja kuti ndimumangirire. Mbuzi zonse zinali pansi pa mtengo wa mango zikubzikula. Iye panalibe. Ndinaitana, ndinazungulira dambo, ndinafunsa kwa anansi. Kenako miyendo yokha inanditengera kumunda wa chinangwa, mtima ukukana. Ndinamupeza pa khwekhwe lachiwiri. Anali atagona chammbali, lilime panja, pansi ponse pali pofukulafukula mmene ankalimbana ndi waya. Ndinamugwira pamimba, anali wofundabe. Ndikanafika kanthawi pang'ono m'mbuyo bwenzi nkhani ino kulibe.

Ana inu, ndinakhala pansi pa mzere wa chinangwa n'kulira ngati mwana. Kenako ndinasiya kulira n'kuyamba kuganiza, ndipo kuganizako ndiye kunandipweteka. Nyama yofa yokha, kapena yopotoledwa khosi, anzathuwa amaitcha chibudu, ndipo kwa iwo ndi yoletsedwa ngati nkhumba. Ndinkadziwa bwinobwino. Koma mpeni unali m'thumba. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinamasula waya, n'kudula khosi pamalo pamene amadula wozinga. Magazi sanathovoke mmene amachitira pa mbuzi yamoyo. Anangotuluka pang'onopang'ono, akuda bii. Ndinasendera komweko, n'kubwera nayo nyama m'thumba, ndikuuza aliyense wokumana naye kuti ndazingitsa kwa munthu wa kumzikiti amene ndinamupeza panjira.

Azimayi ena onse anakhulupirira. Agogo anu iyayi. Anatenga mwendo umodzi, kuutembenuza, kuununkhiza, kenako anandikokera kuseri kwa khola.

"Bambo a Marita, nyama iyi yada chonchi bwanji?"

Ndinawauza zonse. Anagwira pakamwa.

"Chabwino, zachitika," anatero. "Ife ndi akuchimuna tidya, yafa lero lomwe, siinaonongeke. Koma gwirani nkhuku zitatu mupite nazo kumzikiti akazinge. Ndiphika padera mumphika wa Che Amadu. Akafika muwauze."

Mukuona? Njira inalipo, yapafupi, nkhuku zinali mbwee pabwalo. Koma kuti ndichite zimenezo ndinayenera kuima pamaso pa Che Amadu n'kunena kuti mawaya aja sindinachotse, ndinakunamizani. Ndiponso mudzi wonse ukanadziwa kuti Petulo wadyetsa akuchimuna mbuzi yofera mumsampha wake womwe. Manyazi anandigwira. Ndinawauza agogo anu kuti atseke pakamwa, ukwati ukadutsa ndikonza ndekha. Ndinanenanso mawu omwe wanena iwe aja, Yamikani, osasiyana ngakhale pang'ono. Ndinati, adziwa bwanji?

Agogo anu anangoti, "Mumphika wanga uja simulowa nyama imeneyi." Anakaubisa kunsi kwa bedi, nyama n'kuphikidwa m'miphika yobwereka.

Loweruka linafika. Che Amadu anatulukira mmawa ndi dengu la nsomba, mayi awo ali pakaliyala. Anali gogo wamng'ono thupi, wa mpango woyera, wosayankhula Chichewa kwenikweni, ndipo moyo wawo wonse anali asanadyepo m'nyumba ya Mkhristu. Titabwera kutchalitchi, anthu atakhala m'magulumagulu, mbale ya mpunga ndi nyama inafika pamkeka pawo. Ine ndinali chiimire pafupi ndi ndowa ya thobwa. Ndinaona gogo uja atasamba m'manja, dzanja n'kuima m'malere pamwamba pa mbale. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa chapansipansi m'Chiyao. Che Amadu anaseka, n'kuyankha mokweza, m'Chichewa, dala kuti ine ndimve ndikondwe.

"Amayi, pano ndi pa Che Petulo. Pano sitifunsa."

Agogo anu anali pakhomo la khitchini, akundiyang'ana. Nthawi inalipo. Mawu awiri okha akanakwana. Ine ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Idyani, mayi, muli kwanu." Anadya. Che Amadu anadya, Abiti Selemani anadya, ndi Asilamu ena onse amene anaona kuti Che Amadu akudya. Anthu anavina mpaka fumbi kukwera, akuchimuna anayamikira nyama, amayi anu anali okongola zedi tsiku limenelo. Ine sindinalawe kanthu. Ndinkauza anthu kuti mwini ukwati sadya.

Chinatsala ndi chikopa. Ndinaganiza zokachitaya m'chimbudzi, koma ndikanati chapita kuti? Ndinachikhoma ndi zikhomo kuseri kwa nkhokwe, ubweya pansi, n'kumadzinamiza kuti chikauma sichionetsa kanthu. Lachiwiri madzulo dzuwa likupendeka Che Amadu anabwera, akuseka, akusimba mmene mayi awo anayamikirira ulemu wa pakhomo pano. Anazula zikhomo okha. Anachikutumula, n'kuchitembenuza. Kuseka kunatha.

Pakhosi, kunsi kwa pamene ndinadula, panali mzere wozungulira pamene waya anapala ubweya wonse. Mkati mwake magazi anali ataundana, kuda ngati makala. Munthu amene anakulira kumudzi safuna kumuuza kuti mzere wotero umabwera ndi chiyani. Anayendetsa chala pamzerepo kuchokera uku mpaka uku. Kenako anandiyang'ana, n'kundifunsa funso limene anali asanandifunsepo chiyambire.

"Che Petulo, mbuzi ija anazinga ndani?"

Ndinanena zoona. Zinali zochedwa, koma ndinanena zonse, za mawaya, za mpeni, za nkhuku zimene agogo anu anandiuza. Ndinkayembekezera kuti akalipa, mwina kundimenya, ndipo ndikanakondwa akanatero. Iwo anangopinda chikopa chija bwinobwino n'kuchiika pansi.

"Kwa Mulungu ife tilibe mlandu, sitinadziwe," anatero. "Koma mayi anga anafunsa. Anafunsa, Che Petulo. Amene anawatseka pakamwa ndine."

Anapita. Chikopa anachisiya pomwepo.

Mwina mukuganiza kuti chinatsatira ndi udani. Iyayi, udani ukanapepuka. M'mawa mwake pachitsime anandipatsa moni monga mwa masiku onse. Sanauze munthu m'mudzi muno, kupatula mayi awo ndi akunyumba kwawo, poti amenewo sakanawabisira. Gogo uja sanapondenso pakhomo pano mpaka anamwalira. Ine ndinakazula mawaya onse n'kuwaponya m'chimbudzi, ndipo chichokereni tsiku limenelo sindinatcherenso msampha, ngakhale wa njiwa. Nguluwe zinadya chinangwa chaka chimenecho mpaka kukhuta, ine ndikungoziyang'ana. Ndinatenga kamsoti ka mbuzi kabwino kwambiri m'khola, kuvala jekete, n'kupita nako kwawo kukapepesa. Anandilandira, anandipatsa mpando, anamva mawu anga onse. Madzulo ndinapeza kambuzi kaja kali m'khola mwanga. Nditawafunsa anati, "Ine sindinataye mbuzi."

Moyo unapitirira. Tinkapitabe limodzi ku Chiuta. Chaka chimene ndinagona mwezi wathunthu ndi malungo, iwo ndiwo ankathirira dimba langa, matimati osafota ndi limodzi lomwe. Mwana wawo wamwamuna atamwalira, ine ndinali m'gulu lokumba manda. Tikawaitana kudzazinga, ankabwera ndi mpeni wawo. Koma akazinga sankachoka. Ankakhala pachitsa pafupi ndi khitchini, akucheza ndi agogo anu za mvula ndi za mitengo ya nandolo, maso ali pamphika, mpaka nyama ipse. Akapeza nyama yophikaphika, ankafunsa mwaulemu womwe uja wa kwa anthu ena: "Pepani, wazinga ndani?" Ndikayankha, ankati zikomo, n'kudya ndiwo zamasamba. Ana inu, palibe chikwapu chowawa ngati ulemu umenewo. Ndinkaumva Khirisimasi iliyonse, ubatizo uliwonse, ngakhale tsiku limene iwe Yamikani anabwera nawe koyamba kudzakuonetsa, uli wofiira ngati mbewa yosamera ubweya.

Nthawi zina ndinkapsa mtima. Ndinkauza agogo anu kuti munthu uyu ndi wouma mtima, mbuzi imodzi yomweyo mpaka liti? Iwo ankangoti, "Akukuchitani chiyani? Akungofunsa. Inu muziyankha." Mphika wa khutu limodzi uja anapitiriza kuusamala monga kale, ngati kuti palibe chimene chinachitika. Anamwalira asanaone mapeto ake, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero, chifukwa iwo sanalakwe kanthu koma chilango tinagawana.

Kenako ukalamba unatipeza tonse. Maso a Che Amadu anayamba kuchita nkhungu, mpaka anazimiratu. Mpeni wawo anaupereka kwa Che Yusufu. Zaka zitatu zapitazo Abiti Selemani anatisiya, ndipo mwambo wa maliro utatha, mkuluyo anangogona chogona. Phala ankakana, tiyi ankakana. Mwana wawo wamkazi anabwera kuno akulira, akuti bambo atsatira mayi. Ine usiku umenewo ndinauona kutalika, mmawa ndinagwira nkhuku yaikazi yonenepa, n'kupita nayo kwa Che Yusufu. Ndinaitananso anthu awiri a kumzikiti kuti aime pomwepo aone. Che Yusufu anandiseka, amvekere, "Agogo, nkhuku imodzi mboni ziwiri, ndi mlandu kodi?" Ndinati iwe zinga, usandifunse. Ndinatulutsa mphika wa khutu limodzi, kuutsuka katatu, n'kuphika ndekha. Ine kuphika sindidziwa, mukudziwa inu nomwe, mwakhala mukubisa nkhope sabata yonse ino.

Ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, ataonda, chisoti chili pambali. Ndinakhala pansi, kuwadzutsa, kuwatsamiritsa kukhoma. Ndinawasambitsa m'manja. Ndinavundukula mbale, fungo n'kuwafika. Mayankho ndinali nditawakonza njira yonse, mayina a mboni ndi nthawi yomwe.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhuku. Wazinga ndi Che Yusufu, pamaso pa..."

Anakweza dzanja.

"Che Petulo," anatero, "ndafunsa?"

Iwo anapapasa mbale, kupeza chiwalo, kutchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya. Munthu wosaona, woti sangayang'ane mphika, sangatembenuze chikopa, woti ndikanatha kumupatsa chilichonse. Anadya chiwalo chonse, anamwa ndi msuzi. Ine misozi ili chuchuchu, ndikuyesa kuti asamve. Atamaliza ananyambita zala n'kunena kuti, "Mchere mwachulutsa. Malemu a Esinati sankatero." Tinaseka, kenako tinalira tonse awiri, nkhalamba ziwiri pakhonde, mpaka mwana wawo anatuluka kudzaona ngati kwagwanso maliro ena.

Sindinawafunse chifukwa chake anasankha tsiku limenelo, ndipo iwo sananene. Chiyambire pamenepo amadya pano monga kale. Lero ndawaitana chifukwa mwabwera inu, akufuna akugwireni kumaso aone mmene mwakulira. Muwaone bwino akakhala pamkeka apo. Asamba m'manja, apapasa mbale, ayamba kudya. Safunsa kanthu.

Ndiye wanena zoona, Yamikani. Saona. Ukanazinga iwe, sakanadziwa, ngakhale mpaka tsiku lowaika m'manda. Munthu wofunsa ukhoza kumuyankha zoona kapena kumunamiza, amakhala wadziteteza yekha mbali ina. Koma uyu anasiya kudziteteza pakhomo pano, kawiri konse, ndipo kachiwiriko anali akudziwa kale chimene ndinawachita. Kachitatu kulibe, mwana wanga. Ine ndilibenso zaka makumi awiri zodikira.

Uyo Che Yusufu akubwera apoyo, ndamuona pa nthochi. Tadala, lowa m'nyumba, kunsi kwa bedi langa kuli mphika wakuda wa khutu limodzi. Uutenge ndi manja awiri. Iwe Yamikani, pita naye tambalayo ukamugwirire miyendo, ndipo mpeni wakowo ubweze kukhitchini.